Ndime Yachitatu ya Kavuluvulu

Kodi munthu amene adaikidwa m'manda miyezi itatu yapitayo angadzuke kudzamaliza nyimbo yake? Ngati sangadzuke, nanga ndani adaimba ndime yachitatu ya nyimbo ya Kavuluvulu, imene idamveka pa wailesi Lolemba m'mawa? Yesani kupeza yankho Sajeni asanalipeze.

Kavuluvulu adali katswiri wa nyimbo za roko, zija za gitala yamagetsi yolira ngati chitseko cha dzimbiri ndi ng'oma zonjenjemeretsa mawindo. Dzinali adalipeza chifukwa cha tsitsi lake lalitali limene ankalizunguza poimba. Tsiku lina masana adagwa pamalo okwerera basi, mtima utaima, ndipo adasiya m'kaseti nyimbo ya ndime ziwiri. Ndime yachitatu idali ndi magitala ndi ng'oma zokha, mawu mudalibe.

Lachiwiri m'mawa Sajeni adaitanidwa mu ofesi ya bwana wake. Sajeniyu adali mayi wodekha, woyenda ndi kabuku m'thumba, wokonda nyimbo zoti munthu n'kumva zimene zikunenedwa. Adapeza bwana ali maso psuu, wailesi ili patebulo. Pambali padakhala mkulu wake wa malemu, amene adadzipatsa yekha udindo ndi dzina loti a Manejala. Adavala magalasi akuda ngakhale m'chipindamo mudalibe dzuwa.

"Mwaimva, Sajeni?" adafunsa bwana.

"Ndaimva, bwana. M'basi, kumsika, ngakhale kwa ometa."

"Wakuba kaseti tamugwira dzulo. Ndi Wang'oma, yemwe ankaimba ndi malemu. Mawa m'mawa apita kukhoti. Inu ingomalizani zolembalemba."

"Akuti waba iye ndani?"

"Ine, monga manejala," adayankha a Manejala akukonza magalasi. "Situdiyo ili kuseri kwa nyumba ya malemu, ndipo makiyi ake ndi atatu basi: wanga, wa mlamu wanga, ndi wa Wang'oma. Loweruka madzulo kaseti ndinaiona ndi maso angawa. Lolemba ili pa wailesi, ndime yachitatu itaimbidwa kale. Chachiwiri, mng'ono wanga analibe mano awiri akutsogolo, ndiye akamatchula 's' pankatuluka kamluzu. Mu ndime yachitatu kamluzuko kalimo. Ndani wina ali ndi kiyi, alinso ndi gweru? Ine sindine wapolisi, koma apa ngakhale khanda litha kugamula."

Bwana adakweza wailesi, pakuti nyimboyo inkaimbidwanso kachisanu m'mawa umenewo. Mawu okhuthala, okhala ngati akudutsa m'miyala, adadzaza ofesi.

*Kiyi ali pansi pa mwala,*
*Musandidikire, ndichedwa.*
*Mukamatuluka muzimitse nyale,*
*Galu ndamupatsa kale.*

Bwana adapukuta msozi ndi chala chachikulu. "Mwamva kuzama kwake? Mwala ndi manda. Nyale ndi moyo."

"Nanga galu, bwana?"

Bwana adaganiza pang'ono. "Galu ndi dziko lapansi, Sajeni. Inu za roko simuzidziwa."

Sajeni adavomera kuti sazidziwa. Koma adapempha tsiku limodzi lokha, ndipo adalipatsidwa monyinyirika.

"Likalowa dzuwa mulibe munthu wina," adatero bwana, "Wang'oma apita."

* * *

Wang'oma, amene Sajeni adamupeza m'chitolokosi, adali chimunthu cha mapewa ngati kabati, makutu atagontha theka chifukwa cha zaka makumi atatu za ng'oma. Ankayankhula mokweza ngati ali kutsidya kwa msewu.

"Mano?" adatero akuloza gweru lake. "Tinataya tsiku limodzi, amayi. Nsanja inagwa nafe tili pakati pa nyimbo. Iye awiri, ine awiri. Tinawatola pansi, osadziwa ake ndi ati, anga ndi ati. Ndiye lero akuti ndamubera? Chitolokosi sichikundiwawa ayi. Chikundiwawa n'choti mawa anthu amva kuti ndinadikira mnzanga afe kuti ndimubere."

"Taimbani ndime yachitatu ija," adatero Sajeni.

"Mwati?"

"Imbani."

Wang'oma adakoka mpweya n'kuyamba. Kamluzu kadalipodi, koma china chilichonse chidasochera. Mawu adakwera pamene ankayenera kutsika, kenaka adangoima pamodzi ngati galimoto yotitimira m'matope. Mkaidi wina amene adagona pakona adadzuka n'kugwira zitsulo.

"Amayi, ine ndavomera," adatero. "Njinga ija ndinabadi. Koma uyu asaimbenso."

Sajeni adalemba m'kabuku kuti Wang'oma satha kuimba, ndipo mboni ilipo.

"Lamulungu m'mawa munali kuti?"

Chimunthu chija chidayang'ana uku ndi uku, n'kuyesa kunong'ona, kunong'ona kwake kumene kudamveka mpaka pakauntala. "Ndimathandiza kwaya ya amayi. Ndimawagwedezera chisekese. Chonde musalembe, anyamata a roko akamva ndatha."

Sajeni adalemba.

"Makina a m'situdiyo angathe kuwagwiritsa ntchito ndani?"

"Aliyense wodziwa kuwerenga. Malemu ankaiwala msanga, ndiye anamata timapepala paliponse. 'Dina apa.' 'Kenako apa.' 'Apa usakhudze, chitsiru iwe.' Ankadzilembera yekha." Adakanda chibwano. "Koma pali chinthu, amayi. Ine nyimboyo ndaimva pa wailesi ya apolisi anu. Mnzanga uja zaka zonsezi sanalowepo m'nyimbo pa nthawi yake. Ndimenye ng'oma, iye amabwera mochedwa ngati mlendo wosaitanidwa. Amene waimba ndime yachitatuyo walowa ndendende. Ameneyo si wa roko. Ndi munthu wosunga nthawi."

* * *

Muulutsi wa pa wailesi adali mnyamata wa ndevu zodulidwa bwino, amene sankathanso kuyankhula ngati anthu ena onse.

"Takulandirani, takulandirani, Sajeni wathu, pa nthawi ino pamene yangopitirira kumene leveni koloko," adatero akumupatsa mpando.

"Kaseti inafika bwanji?"

"Funso labwino kwambiri kuchokera kwa mlendo wathu. Mlonda anaipeza pageti Lolemba m'mamawa, ili mu envulopu. Makina oimbira makaseti tinachita kukawafukula kuchipinda chosungira zakale. Titangoimva, ine ndi anzanga tinayang'anana. Ena akuti ndi mzimu. Ife sitikutsutsa, chifukwa chiyambire mzimuwo anthu sakusuntha pa wailesi yathu."

Adatulutsa envulopuyo m'dirowa. Sajeni adaitembenuza kawiri. Padalembedwa ndi inki yofiira, zilembo zopendekera mbali imodzi ngati asilikali pa perete: *Kwa Muulutsi Wamkulu.* Pansi pake padali mzere wowongoka, wojambulidwa ndi rula, ndipo kumapeto kudali mpumiro.

"Mzimu wake ndi waudongo," adatero Sajeni. "Ndiimvereni nyimboyo, koma pamalo opanda phokoso."

Muulutsi adamuveka zomvera m'makutu. Ndime yoyamba idadutsa, yodandaulira mkazi. Kenaka kolasi:

*Ndinakadziwa, ndinakabwera msanga,*
*Ndinakadziwa, iwe wanga.*

Ndime yachiwiri idadutsa, kolasi idabweranso chimodzimodzi. Magitala adatsika pang'ono, ndipo kamphindi ndime yachitatu isanayambe Sajeni adamva kaphokoso kakang'ono. *Chubwi.* Kenaka *ngwe*, ngati kanthu kolimba kagunda pansi pa tambula.

"Bwezani pamenepo."

*Chubwi. Ngwe.*

"Omvera athu ena akuti ndi msozi," adatero muulutsi.

"Msozi wolemera choncho ungathyole chala. Pitirizani."

Ndime ya kiyi ndi galu idatha, kolasi yomaliza idayamba. Sajeni adatseka maso. Atawatsegula adapempha kuti abwezenso, ndipo adalemba mawu awiri m'kabuku, ena pamwamba, ena pansi. Dziko lonse lidakhala likulira ndi nyimboyi kwa masiku awiri, koma palibe amene adazindikira kuti m'kolasi yomaliza mawu adasintha. Woimbayo sadanene kuti *ndinakadziwa*. Adati *ndikadadziwa*.

* * *

Situdiyo idali galaja yakale kuseri kwa nyumba, makoma ake atamatidwa matireyi a mazira. A Manejala adafika kale, atamva kuti apolisi akubwera, ndipo adaimirira pakhomo akuliza kiyi wawo m'manja. Pafupi ndi khomolo padagona galu wonenepa ngati thumba la simenti, mutu atautsamiritsa pa mwala wafulati.

"Makiyi mwati ndi angati?" adafunsa Sajeni.

"Atatu. Ndanena kale, monga manejala."

Sajeni adapempha galu kuti asunthe. Galu adakana. Adamukankha pang'ono ndi nsapato, n'kutukula mwalawo. Pansi pake padali kiyi wadzimbiri, womangidwa ku chingwe cha gitala.

A Manejala adavula magalasi koyamba tsiku limenelo.

"Mwadziwa bwanji?"

"Akhala akulengeza pa wailesi kuyambira dzulo," adatero Sajeni.

M'katimo mudali magitala atatu opachikidwa, ng'oma zofundidwa nsalu, ndi makina odzaza timapepala monga adanenera Wang'oma. Sajeni adawerenga timapepalato kamodzikamodzi. Pa kena malemu adalemba kuti *Osaiwala kuzimisa*. Pakati pa *i* ndi *s* wina adalowetsapo *t* wamng'ono wa inki yofiira.

Mkazi wa malemu adawalandira pabalaza. Adali mayi wamfupi, namwino, wooneka kuti zambiri adaziona ndipo sachedwa nazo. Pampando wa pakona padakhala mkulu wina wowonda, wa imvi, atavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo, kachikwama kali pamiyendo.

"Awa ndi bambo anga," adatero mayiyo. "Anali aphunzitsi a Chichewa, anapuma. Takhala nawo pano zaka khumi ndi ziwiri."

"Ali paulendo?"

"Afunseni. Chiyambire m'mawa afika pageti katatu n'kubwerera. Akuti akuyesa nsapato."

Aphunzitsi adapereka moni wathunthu, mano awo oyera ali mbee, ondondozana bwino ngati a m'chithunzi cha kuchipatala.

"Lamulungu m'mawa munali kuti, mayi?" adafunsa Sajeni.

"Kutchalitchi, kenako kuntchito mpaka madzulo."

"Nanga bambo?"

"Anatsala. Ati chimfine. Koyamba kujomba chibadwire changa, ndipo kwaya imene amaiphunzitsa inasokonekera. Koma pobwera sindinamve kutsokomola."

"Awa asiyeni," adalowerera a Manejala akuseka. "Awa ndiye mdani wamkulu wa roko. Zaka makumi awiri ndi zisanu akutcha nyimbo za mng'ono wanga phokoso la ziwiya. Tsiku laukwati anakhala thonje lili m'makutu."

"Lidali phokoso," adatero aphunzitsi mosakweza mawu. "Sindidaname."

Sajeni adakhala pansi, n'kuvula chipewa, n'kupuma ngati munthu wotopa. Adayang'ana kudenga.

"Ntchito inonso," adatero. "Ine ndinakadziwa kuti ndi yotere, ndinakakhala telala."

"Ndikadadziwa," adatero aphunzitsi. "Ndikadakhala."

Mawuwo adatuluka okha, mwini wake asanawaloleze. Aphunzitsi adayang'ana kachikwama kawo, Sajeni adayang'ana cholembera chofiira chimene chidasuzumira m'thumba la jekete yawo.

"Muli chiyani m'kachikwamamo, aphunzitsi?"

"Thaulo, sopo ndi buku. Ndidamva kuti kumeneko sapereka."

"Kutiko, bambo?" adafunsa mwana wawo.

Mkuluyo adapisa m'thumba lam'kati n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, kofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Sajeni adakatambasula. Padali zilembo zokhotakhota, zofanana ndi za pa timapepala ta m'situdiyo. *Apongozi, kiyi ali pansi pa mwala. Musandidikire, ndichedwa. Mukamatuluka muzimise nyale. Galu ndamupatsa kale.* Apanso *t* wofiira adali atalowa pamalo pake.

"Ndimadabwa," adatero Sajeni. "Ndime ziwiri zoyamba akuti iwe, iwe, kuyankhula ndi mkazi wake. Yachitatu akuti musandidikire. Munthu sayamba kulemekeza mkazi wake pa ndime yachitatu."

"Wanga uja sakadayamba n'komwe," adatero mayiyo.

Aphunzitsi adawongola tayi. "Ndikuuzani nkhani ya mphunzitsi wina, Sajeni. Mkamwini wake adamupeza m'mawa wina akuwerenga nyuzipepala, n'kunena kuti, 'Apongozi, ndime yachitatu yandikanika. Inu ndinu a mawu. Kiyi ndikusiyirani, mukalowe, mukamvere, mundithandize.' Zaka makumi awiri ndi zisanu adali asanamupemphepo kanthu. Mphunzitsi uja sadatsitse n'komwe nyuzipepala. Adangoti, 'Phokoso silisowa ndime.' Mkamwini adaseka, adamata kapepala pachitseko, adapita kukakwera basi." Adayang'ana kapepala kaja. "Adalemba zoona. Wachedwadi."

Mayi uja adakhala pansi pang'onopang'ono pa mkono wa mpando.

"Miyezi itatu mphunzitsiyo adayesa kulemba ndimeyo," adapitiriza mkuluyo. "Adalemba ndakatulo khumi ndi zinayi, za miyambi ndi zining'a, zonse zolondola, zonse zakufa. Ndiye Loweruka adamva munthu wina pa foni, paseri pa zenera ili, akulonjeza nyimboyo kwa ogulitsa mankhwala a mphemvu."

Maso onse adatembenukira kwa a Manejala.

"Zinali zongokambirana," adatero a Manejala.

"Ndidamva ndi mawu ake omwe," adatero aphunzitsi. "'Ndinakadziwa, ndinakapopera msanga.'"

"Alamu," adatero mayiyo. A Manejala adabwezera magalasi kumaso.

"Choncho mphunzitsi uja adaona kuti mawu a ndimeyo mwini wake adawasiya kale pachitseko. Adangowatenga momwe adaliri."

"Kupatula kolasi," adatero Sajeni.

"Ndidayesa, Sajeni. Kasanu konse. Lilime lidakana."

"Nanga n'chifukwa chiyani mwasiya munthu wosalakwa agone m'chitolokosi?"

Apa mkuluyo adaweramitsa mutu. "Ndidamva dzulo madzulo. Ndalephera kudutsa geti. Kundende sindikuopa. Koma a kwaya akamva kuti ndidaimba roko, ndikawayang'ana ndi nkhope iti? Manyazi adapha lambe, ndipo ine atsala pang'ono kundiphetsa mnzake wa mwana wanga. Tiyeni, nditengeni. Uyo mukam'masule."

Adaimirira, kachikwama m'manja. Mwana wawo adawalanda n'kukaponya pampando.

"Sajeni, kaseti ija ndi ya ndani?" adafunsa.

"Mwa lamulo ndi yanu, mayi."

"Inachoka m'nyumba mwanga, ndi kiyi amene mwini wake anasiya, m'manja mwa munthu amene mwini wake anamutuma. Ndiye wakuba ali pati? Ine sindinadandaule kupolisi. Amene anadandaula akadandaule za mphemvu zake."

Sajeni adatulutsa foni n'kuimbira bwana wake. Adafotokoza mwachidule kuti mwini katundu akuti palibe chabedwa, kiyi wachinayi wapezeka, ndipo Wang'oma ali ndi kwaya yathunthu ya amayi yomuikira umboni. Kudamveka kudandaula, kenaka kulira kwa makiyi a chitolokosi, kenaka chimawu cha Wang'oma chikufunsa ngati nkhani ya chisekese yalembedwa. Pomaliza bwana adafunsa motsitsa mawu ngati galu uja ndi dziko lapansi ndithu.

"Ndi galu, bwana," adatero Sajeni. "Ndikumuona. Wadya kale."

Sajeni atatseka foni, a Manejala adali ataimirira pakati pa balaza, chala chili m'mwamba, ngati munthu amene wapeza khobidi m'thumba la buluku lakale.

"Dikirani. Mwaiwala chinthu chimodzi, ndipo ine monga manejala sindingachilole. Kamluzu. Woimba ndime yachitatu ali ndi gweru, dziko lonse lamva. Tayang'anani m'kamwa mwa mkuluyu. Mano onse alimo, oposa anga. Akungofuna kuphimba mnzawo. Awa sangaimbe ngati mng'ono wanga, ngakhale atabadwanso."

Sajeni adatsegula kabuku pa tsamba limene adalembapo mawu awiri aja, *chubwi* ndi *ngwe*. Adayang'ana mkuluyo. Mkuluyo adayang'ana kudenga, kenaka pakhomo, kenaka mwana wake.

"Mwanawe," adatero, "tandipatsa tambula ya madzi."

Tambula idabwera. Aphunzitsi adatembenukira kukhoma mwaulemu, adakweza dzanja kukamwa, n'kulitsitsira pa tambulayo.

*Chubwi. Ngwe.*

Adatembenukanso, masaya atalowa m'kati, tayi ili chiwongokere. Adawerenga ndi phazi, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, ndipo adalowa ndendende pa nthawi yake. Mawu okhuthala odutsa m'miyala adadzaza balaza, kamluzu kali pa "s" aliyense. Kunja galu adadzuka pa mwala paja, adathamangira pakhomo akugwedeza mchira, n'kuima, akufunafuna ndi maso munthu amene padalibe. Mayi uja adaphimba nkhope ndi manja, ndipo Sajeni sadathe kudziwa ngati akuseka kapena akulira. Adatseka kabuku kake.

Ndime yachitatu ya nyimbo ya Kavuluvulu adaimba ndi apongozi ake, atavula mano.